GPS Sidziwa Kolowera Madzi

Mmisiri womanga nyumba akafuna kuti maziko afanane mbali zonse, nthawi zambiri satulutsa chida chodula. Amatenga paipi yopyapyala yoonekera mkati n'kuthiramo madzi. Iye amagwira nsonga imodzi pachikhomo cha pakona, mnyamata womuthandiza n'kugwira inayo kutsidya. Amayamba achotsa kaye thovu lonse m'paipimo, chifukwa kathovu kamodzi kokha kamanamiza. Kenako amadikira kuti madzi aleke kuvinavina. "Kweza pang'ono, iwe. Basi, pomwepo!" Pensulo imalemba mzere uku ndi uko, ndipo mizere iwiriyo ili pa levulo imodzi. Palibe wotsutsa, poti anena ndi madzi.

Tsopano bweretsani chida cha GPS cha opima malo, chija chokhala ngati mbale yovundikira pamwamba pa ndodo, chimene mtengo wake mungagulire galimoto. Chikagwiritsidwa ntchito bwino sichiphonya ndi masentimita oposa awiri kapena atatu. Pimani nacho malo awiri otalikirana makilomita 50, ndipo tiyerekeze kuti konseko chapereka nambala imodzimodzi ya kukwera kwa malo. Mwamsanga munthu angati malowo ali pa levulo imodzi. Koma mukadakhala ndi paipi ya mmisiri uja yotalika makilomita 50, madzi akadatha kukuonetsani kuti mbali ina ndi yokwera ndi mita yathunthu, mwinanso kuposa. Chidacho sichinawonongeke. Kungoti GPS ndi madzi amayamba kuwerenga kuchokera pamalo osiyana.

GPS imawerenga kuchokera pa chinthu cha masamu okhaokha. Dziko lathuli si lobulungira ngati mpira. Chifukwa choti limazungulira, ndi lotupa pakati ndipo ndi lophwatalala pang'ono kunsonga zake, ngati dzungu, ngakhale kuti kuphwatalalako n'kochepa kwambiri moti diso silingaone. Kuchokera pakatikati pa dziko kufika pa ikweta pali mamita 6,378,137, pomwe kufika kunsonga ya kumpoto kapena ya kummwera pali mamita 6,356,752. Kusiyana kwake ndi makilomita 21 okha. Akatswiri adajambula dzungu losalala bwino la miyeso imeneyi, lopanda phiri kapena dzenje, n'kulitcha ellipsoid. Imene GPS imagwiritsa ntchito imatchedwa WGS84. Chida chanu chikamvetsera masetilaiti, chimapeza kuti mwaima mamita angati pamwamba pa ellipsoid imeneyi. Ndi yabwino pa masamu, koma madzi sayidziwa. Sanaionepo.

Madzi amamvera mphamvu yokoka ya dziko, ija imagwetsa mango pansi ndi kuwongola chingwe chimene mmisiri wamangako kachitsulo poimika khoma. Chingwe chikalendewera chimaloza kumene dziko likukokera, ndipo madzi akadekha amagona mopingasa ndendende ndi chingwecho. Dziko likadakhala lofanana paliponse mkati mwake, zingwe zonse zikadaloza mwadongosolo ndipo madzi akadagona motsatira ellipsoid. Koma mkatimo ndi mosakanikirana. Pena pali miyala yolemera, pena mchenga ndi dothi lopepuka, pena phiri, pena chigwa chakuya chodzaza madzi, ndipo pansi penipeni, makilomita mazana ambiri, pali miyala yotentha yopepuka ndi yozizira yolemera. Chilichonse cholemera chimakokera chingwe chija kwa icho pang'ono. Chingwe chikapendekeka, madzi nawo amapendekeka.

Ndiye yerekezani kuti nyanja zonse zamchere zadekha, mphepo yaleka, mafunde atha, mwezi waleka kuzikoka. Yerekezaninso kuti takumba tingalande topita pansi pa mayiko onse kuti madzi a m'nyanjamo alowe mpaka kunsi kwa Lusaka, Lilongwe ndi Kathmandu. Pamene madziwo angadekhere, dziko lonse kuzungulira, ndiye geoid. Carl Friedrich Gauss adafotokoza ganizoli mu 1828, ndipo wophunzira wake Johann Benedict Listing ndi amene adalipatsa dzinali mu 1873. Tikamati nsonga ya Sapitwa pa Mulanje ili mamita 3,002 pamwamba pa nyanja, nyanja imene tikunenayo kwenikweni ndi imeneyi, chifukwa pansi pa Mulanje palibe gombe loti n'kuikapo ndodo.

Geoid ili ndi zitunda ndi zigwa mukaiyerekeza ndi ellipsoid. Kummwera kwa Sri Lanka imatsika mamita pafupifupi 106 pansi pa ellipsoid, ndipo cha ku New Guinea imakwera mamita pafupifupi 85. Chimene chimasokoneza ambiri n'chakuti pamene pali cholemera kwambiri, madzi amaunjikana, satitimira. Phiri la pansi pa nyanja limakokera madzi kwa ilo kuchokera mbali zonse, ndipo pamwamba pake nyanja imatumphuka pang'ono. Komanso sitima yodutsa kummwera kwa Sri Lanka siyenda chotsetsereka. Kwa sitimayo, kwa madzi ndi kwa chingwe cholendewera, pamenepo m'posalala. Chigwacho chimaoneka m'masamu okha, poyerekeza ndi ellipsoid.

Pali cholakwika china chofala, ndipo ndachiwerengapo ngakhale m'zolemba za anthu ophunzira. Amati geoid ndi pamene mphamvu yokoka ili yofanana paliponse. Ayi ndithu. Pa ikweta chinthu chikamagwa liwiro lake limawonjezeka ndi mamita 9.78 pa sekondi, sekondi iliyonse, pomwe kunsonga za dziko limawonjezeka ndi 9.83, ndipo malo onsewa ali pa geoid imodzi. Chofanana pa geoid n'china: mutasenza ndowa ya madzi n'kuyenda motsatira geoid, simungakwere kapena kutsika. Palibe mphamvu imene mungawononge pokweza ndowayo, palibenso imene ingakubwezereni.

Ndipo pamwamba pa geoid pali malevulo ena osawerengeka, osanjikizana ngati makoko a anyezi. Dziwe lililonse lodekha lili pa limodzi mwa iwo. Malevulowa satalikirana mofanana. Kumene dziko limakoka kwambiri amathinana, kumene limakoka mofooka amatayana. Nyanja ya Malawi ndi chitsanzo chabwino chifukwa ndi yaitali kuchokera kumpoto kupita kummwera, makilomita oposa 550, ndipo ili mamita pafupifupi 474 pamwamba pa nyanja yamchere. Kumangochi n'kutali ndi ikweta kuyerekeza ndi ku Karonga, choncho dziko limakoka kwambiriko pang'ono ku Mangochi. Mukawerengera kusiyana kumeneku kokha, tsiku limene nyanjayi yadekheratu, madzi a kummwera amakhala pafupi ndi geoid ndi masentimita pafupifupi 9 kuposa a kumpoto. Nambala yatsika, koma madzi sayenda, chifukwa kwa iwo ndi levulo imodzi. N'chifukwa chake a ku America ndi Canada, poyang'anira nyanja zawo zikuluzikulu zisanu, amagwiritsa ntchito mtundu wina wa manambala umene umapatsa nyanja yonse nambala imodzi.

Masamu olumikiza zonsezi ndi a sitandade 4. Kukwera kumene GPS yapereka timakulemba h. Mtunda wa pakati pa ellipsoid ndi geoid pamalopo timaulemba N. Kukwera kwenikweni, kumene injiniya akufuna, ndi H = h − N. Tiyerekeze kuti chida chati mamita 1,035 ndipo pamalopo geoid ili mamita 15 pansi pa ellipsoid. N ndi −15, ndiye H ndi mamita 1,050. Vuto lonse lagona pa kudziwa N molondola pamalo aliwonse. N ikadakhala yofanana dera lonse sikukadakhala nkhani, koma imasintha munthu akamayenda. Kumalo a mapiri ikhoza kusintha ndi masentimita 5 pa kilomita imodzi. Ngalande zikuluzikulu zothirira, monga ija yotenga madzi pa damu la Kapichira n'kuwayendetsa okha popanda mapampu kulowera ku Chikwawa ndi Nsanje, zimapendekeka pang'ono zedi, ndipo pa ngalande zambiri zotere ndi masentimita 10 kapena 20 pa kilomita. Mukuona kuti manambala awiriwa ndi apachibale. Woiwala geoid akhoza kukumba ngalande imene madzi ake amathamanga n'kukokolola, kapena imene madzi amangoima n'kumera udzu.

Wina angafunse kuti bwanji osangopima ndi levulo monga kale. Njira yakaleyo ndi yolondola kwambiri pa mtunda waufupi, ndipo pomanga mlatho kapena damu palibe yoiposa. Wopima amaimika chida cha miyendo itatu, n'kuchikhazika mpaka kathovu kake kakhale pakati. Munthu mmodzi amaima ndi ndodo ya manambala kumbuyo, wina kutsogolo, aliyense mamita 30 kapena 50 kuchokera pachida. Awerenga kumbuyo, awerenga kutsogolo, anyamula, asuntha. Dzuwa likakwera mpweya umanjenjemera pamwamba pa tara ndipo manambala amavina, ntchito iime. Pa tsiku amayenda makilomita ochepa chabe. Kenako amabwerera njira yomweyo kuti aone ngati manambala atsekana. Akamaliza amasiya kachitsulo m'simenti pakhoma la mlatho kapena pathanthwe, kokhala ndi nambala yake. Dziko lonse kulipima motere zimatenga zaka makumi, ndipo zizindikirozo sizikhalitsa: msewu aukuza, mlatho wakokoloka, wina wazula chitsulo kukagulitsa, nthaka yatitimira koma nambala ya m'buku ikadali yakale. Tizolakwika ting'onoting'ono timaunjikananso pa mtunda wautali.

Ndiye pali nkhani ya poyambira. Dziko lililonse lidasankha doko lake, n'kupima madzi kwa zaka zingapo, n'kutenga pakati pake ngati ziro. Mayiko opanda gombe monga Malawi ndi Zambia ziro wawo adachita kumubweretsa kuchokera kugombe la anzawo. Koma nyanja yeniyeni sigona ndendende pa geoid. Mphepo, kutentha, mchere ndi mayendedwe a madzi zimaikweza kapena kuitsitsa ndi mita imodzi kapena iwiri. Ziro wa doko lina si ziro wa doko linzake. Ku Laufenburg, pamtsinje wa Rhine, Germany ndi Switzerland ankamanga mlatho mu 2003, aliyense kuchokera tsidya lake. Germany imawerenga kuchokera kunyanja ya ku Amsterdam, Switzerland kuchokera ku Marseille, ndipo aziro awiriwa amasiyana ndi masentimita 27. Mainjiniya ankadziwa zimenezi, koma pokonza wina adaphatikiza pamene adayenera kuchotsera. Mbali ziwirizo zidasemphana ndi masentimita 54, ndipo adachita kukonza mlathowo usanakumane. Dziko la New Zealand lokha lidali ndi aziro 13 osiyana, doko lililonse wake, mpaka mu 2009 pamene lidasamukira pa geoid.

Choncho njira yamakono ndi kupima mphamvu yokoka m'malo ambiri, n'kuwerengera N kuchokera pamenepo.

Woyamba kukhumudwa pa mwala umenewu adali Jean Richer, amene mu 1672 adapita ku Cayenne, kufupi ndi ikweta ku South America, atanyamula wotchi ya pendulamu (kachitsulo kolendewera kopita uku ndi uko) yotcheredwa bwino ku Paris. Kumeneko wotchiyo inkatsalira mphindi ziwiri ndi theka tsiku lililonse. Pendulamu imalendewera pang'onopang'ono kumene dziko limakoka mofooka, ndipo Isaac Newton adagwiritsa ntchito zimenezi ngati umboni woti dziko ndi lotupa pa ikweta. Kwa zaka zoposa 200 pendulamu ndiye idali chida chopimira. Muyeso wa mphamvu yokoka umene adapima ku Potsdam, ku Germany, mu 1906 udakhala maziko a dziko lonse kwa nthawi yaitali, mpaka zida zatsopano zidaonetsa kuti udaphonya, ndipo adaukonza mu 1971.

Mphamvu yokoka amaiwerenga m'muyeso wotchedwa gal, polemekeza Galileo, koma gal ndi wamkulu kwambiri pa ntchitoyi. Amagwiritsa ntchito miligal, gawo limodzi mwa magawo 1,000 a gal. Mphamvu yonse ya dziko ndi mamiligal pafupifupi 980,000, ndipo kuphonya kwa Potsdam kuja kudali mamiligal 14 okha. Zida zilipo za mitundu iwiri. Choyamba chimapima mphamvu yonse mwachindunji: chimagwetsa kagalasi m'chubu chopopedwa mpweya wonse, kuwala kwa leza kumayeza mtunda umene kagwa, wotchi ya atomu n'kuyeza nthawi. Chimagwetsa kambirimbiri usiku wonse n'kutenga pakati. N'cholemera, n'chodula, ndipo chimafuna chipinda chodekha, motero dziko limangokhala ndi malo ochepa opimidwa nacho. Chachiwiri ndi chonyamulika, kabokosi kokula ngati batire ya galimoto. Mkati mwake muli kachitsulo kolendewera pa sipiring'i yofewa kwambiri. Kumene dziko likukoka kwambiri sipiring'iyo imatamuka pang'ono. Chida chimenechi, gravimeter, sichidziwa nambala yonse, chimangodziwa kusiyana kwa pano ndi paja.

Kugwira nacho ntchito kumafuna mtima wa msodzi wa mbedza. Tsiku limayambira pamalo odziwika kale nambala. Wopima amachikhazika pa kambale ka miyendo itatu, amazunguliza timiyendo mpaka chikhale chowongoka, n'kuchoka pang'ono. Amachitchinjiriza kumphepo ndi thupi lake kapena ndi ambulera, saponda mwamphamvu, ndipo lole ikamadutsa amayamba adikira. Chivomezi cha kutsidya kwa nyanja chikhoza kumuimitsa ntchito kwa ola. Madzulo ayenera kubwerera pamene adayambira, chifukwa sipiring'i imatopa pang'onopang'ono tsiku likamapita, ndipo kusiyana kwa nambala ya mmawa ndi ya madzulo ndiko kumamuuza kuti achotsere zingati pa malo onse a pakati. Mwezi ndi dzuwa nazo zimakoka chidacho komanso nthaka yeniyeniyo, n'kusintha nambala mpaka mamiligal 0.3 pa tsiku. Zimenezo amachotseranso. Ndipo kukweza chidacho mita imodzi yokha, kuchoka pansi kuika patebulo, kumatsitsa nambala ndi mamiligal 0.3086. Chida chabwino chimamva kusintha kwa mamilimita ochepa. Apa pali chozungulira mutu: kuti nambala ya mphamvu yokoka ikhale ndi tanthauzo uyenera kudziwa kukwera kwa malo amene waipima, pomwe kukwerako ndi kumene ukufunafuna. Kale ili lidali vuto lenileni. Lero GPS imayenda limodzi ndi gravimeter.

Nambala zikasonkhanitsidwa, amaziyerekeza ndi zimene dzungu losalala lija likadapereka pamalo omwewo. Chotsalacho, chimene kawirikawiri chimakhala mamiligal makumi angapo kuposa kapena kuchepera, ndicho chizindikiro cha zolemera ndi zopepuka zobisika pansi. Mu 1849 George Gabriel Stokes wa ku Cambridge adaonetsa kuti zotsala zimenezi zikadziwika padziko lonse, N ya malo alionse ikhoza kuwerengeredwa. Muyeso uliwonse umaponya voti yake: wapafupi voti yaikulu, wakutali yaing'ono, koma palibe wopanda voti. Kuti mudziwe geoid pansi pa Harare mukufunika mphamvu yokoka ya pakati pa nyanja ya Pacific. M'masiku a Stokes zimenezi zidali maloto. Panyanja pendulamu inkasokonezeka ndi mafunde, mpaka Felix Vening Meinesz wa ku Netherlands adayamba kulowa nayo m'sitima zoyenda pansi pa madzi mu 1923.

Masamu a Stokes ali ndi lamulo linanso lovuta. Amafuna kuti pamwamba pa geoid pasakhale chilichonse, pomwe ife tonse, mapiri athu ndi mayiko athu, tili pamwamba pake. Ndiye pakompyuta amayamba "achotsa" mapiri kapena kuwafinyira pansi, n'kutsitsira muyeso uliwonse pa geoid, kuwerengera, kenako n'kukonza zimene kusunthako kwasokoneza. Kuti uchotse phiri uyenera kudziwa kulemera kwake, ndipo palibe amene adaliika pasikelo. Mwachizolowezi amangoti mwala wonse umalemera matani 2.67 pa kyubiki mita. Kuchigwa kuphonya kwake n'kochepa. Pamapiri ataliatali, kapena m'chigwa chong'ambika chodzaza mchenga wakuya, kungafike masentimita ambiri. Mikhail Molodensky wa ku Soviet Union adanyansidwa ndi kulota kumeneku, ndipo mu 1945 adapereka njira yowerengera pamwamba pa nthaka pomwe popanda kufunsa za mkati mwa phiri. Njira yake imabala china chofanana ndi geoid, chimene panyanja chimagwirizana nayo koma kumapiri chimapatukako. Russia ndi Germany amatsatira imeneyi. Kwa ine palibe yoposa inzake. Chachikulu n'kudziwa kuti manambala amene muli nawo ndi a banja liti, osawasakaniza.

Vuto la kupima dziko lonse adalithetsa ndi masetilaiti. Mu Marichi 2002 America ndi Germany adaponya masetilaiti awiri a GRACE, otsatana pa mtunda wa makilomita 220, pafupifupi makilomita 500 m'mwamba. Yakutsogolo ikamayandikira malo olemera imakokedwa n'kuthamangirako, mpata n'kukula. Ikadutsa imabwezedwa, yam'mbuyo n'kuyamba kukokedwa. Mpatawo ankaupima mosaphonya ngakhale ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Mu Marichi 2009 bungwe la ku Ulaya loona za m'mlengalenga lidaponya GOCE, imene inkauluka motsika kwambiri, makilomita pafupifupi 255, moti inkafunika injini yoikankha nthawi zonse kuti mpweya wochepa wa kumeneko usaigwetse. Mafuta ake atatha idagwa mu Novembala 2013, itapereka geoid yolondola mpaka sentimita imodzi kapena awiri, koma pa zinthu zokula makilomita 100 kapena kuposa. Pamenepo ndiye pali malire a setilaiti. Ili kutali, ndiye imaona nkhalango koma siona mtengo. Phiri lonse la Mulanje kwa iyo ndi kadontho kosaoneka bwino.

N'chifukwa chake geoid ya dziko imaphikidwa ndi zinthu zitatu. Zikuluzikulu zimachokera ku setilaiti. Zapakati, za makilomita 10 mpaka 100, zimachokera ku ma gravimeter a pansi ndi a m'ndege. Zing'onozing'ono zimawerengeredwa kuchokera pa mapu a kompyuta oonetsa chitunda ndi chigwa chilichonse. Amayamba achotsa pa muyeso uliwonse gawo la setilaiti ndi la mapiri, chotsala chochepacho n'kuchidutsitsa m'masamu a Stokes m'dera lozungulira lokha, kenako n'kubwezera zimene adachotsa zija. Geoid ya dziko lonse yotchuka kwambiri, EGM2008, ili ndi timabokosi ta makilomita pafupifupi 9, pomwe yakale ya EGM96, imene ikadali m'zida zambiri, timabokosi take ndi ta makilomita 55. Koma kuchepa kwa timabokosi kusakunamizeni. Kumene adali ndi miyeso yambiri ya pansi, monga ku Ulaya, America ndi Australia, EGM2008 imaphonya ndi masentimita ochepa. M'madera ambiri a mu Africa miyesoyo idali yapatalipatali, kwina kulibiretu, kwina yotsekeredwa m'makabati a makampani ofufuza mafuta ndi miyala, ndipo mipatayo adaidzaza mongoyerekeza. Kumeneko kuphonya kukhoza kufika theka la mita. Pakompyuta mapu ake amaoneka okongola chimodzimodzi.

Ndege ndiyo imatseka mpata umenewu mwachangu, ndipo America ndi chitsanzo chachikulu. Manambala awo a kukwera kwa malo, a dongosolo la NAVD 88, adamangidwa ndi levulo kuchokera pa chizindikiro chimodzi cha ku Rimouski m'dziko la Canada. Masetilaiti atabwera adaulula kuti dongosolo lonselo ndi lopendekeka ndi pafupifupi mita imodzi kuchoka kugombe lina kufika ku linzake. Ku Louisiana nthaka inkatitimira pamodzi ndi zizindikiro zake, ndipo namondwe wa Katrina atamiza New Orleans mu 2005 zidapezeka kuti makoma ena otchinga madzi adali otsika kuposa mmene ankawaganizira. Mu 2007 bungwe la boma la America loona zopima dziko, la National Geodetic Survey, lidayambitsa ntchito yotchedwa GRAV-D, youlutsa gravimeter pamwamba pa dziko lonselo, Alaska, Hawaii ndi zilumba zake, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 6 m'mwamba, m'mizere yotalikirana makilomita 10. Kupima m'ndege kuli ngati kuyeza mchere pasikelo uli pamsana pa njinga mumsewu wa mabampu. Kugwedezeka kwa ndege kumaposa chimene ukufunacho kambirimbiri, ndiye GPS imalemba kukwera ndi kutsika kulikonse kuti akuchotsere. Ngakhale kolowera kuli ndi kanthu: youlukira kummawa imathamanga pamodzi ndi kuzungulira kwa dziko ndipo zonse za mkati mwake zimapepukako, youlukira kumadzulo zimalemerako. Cholinga chawo ndi geoid yosaphonya ndi masentimita oposa awiri m'malo ambiri. Dongosolo latsopano lodzalowa m'malo mwa NAVD 88 adalitcha dzina lokhala ndi chaka cha 2022, koma chakacho chidadutsa lisanayambe kugwira ntchito. Canada idawatsogolera, idasamukira pa geoid mu 2013.

Phiri la Everest likuonetsa zomwezi pamalo amodzi. Opima a ku Nepal adafika pansonga mu Meyi 2019, a ku China mu Meyi 2020, onse atanyamula zida za GPS. Kupeza h kudatenga nthawi yochepa ali pamwambapo. Ntchito yaitali idali ya N, poti geoid kumeneko ili mamita oposa 20 pansi pa ellipsoid, kunsi kwa miyala yokwera makilomita pafupifupi 9. Adapima mphamvu yokoka m'zigwa zozungulira ndi m'ndege, ndipo a ku China adakwera nayo gravimeter mpaka pansonga. Nambala ya mamita 8,848.86 imene mayiko awiriwa adalengeza pa 8 Disembala 2020 idatuluka mu H = h − N yomwe ija.

Geoid ikawerengeredwa amaiyesa. Amapita pa zizindikiro zakale zimene H yake idapimidwa bwino ndi levulo, n'kuikapo GPS kwa maola angapo. Kuchotsa H pa h kuyenera kupereka N yofanana ndi ya pakompyuta. Sizifanana ndendende, ndipo kawirikawiri wolakwa amakhala levulo yakaleyo. Mayiko ambiri safuna kusintha manambala a m'mapu ndi m'mapulani onse a mapaipi ndi misewu, choncho amaipinda geoid pang'ono kuti igwirizane ndi zizindikiro zakale. South Africa idachita zotere ndi SAGEOID10. N'zothandiza, koma yopindidwayo imathera pamalire a dziko, ndipo tsidya linalo muli ziro wina. Pofuna kuthetsa zimenezi, bungwe la akatswiri opima dziko la International Association of Geodesy lidagwirizana mu 2015 za levulo imodzi yoti ikhale ziro wa dziko lonse lapansi. Kwa mtsinje ngati Zambezi, umene madzi ake amachokera m'mayiko 8 ndipo madamu a Kariba ndi Cahora Bassa ali m'manja osiyana, nkhaniyi si yamasewera.

Masiku ano droni ikhoza kujambula mudzi wonse mmawa umodzi n'kutulutsa mapu oonetsa nyumba zimene madzi osefukira angafike. Mapu otere ndikawaona, funso langa loyamba limakhala lakuti manambalawa akuchokera pa ellipsoid, pa EGM96, pa EGM2008 kapena pa chizindikiro cha boma. Lipoti labwino limanena zimenezi patsamba loyamba. Kuchigwa chosalala ngati cha ku Nsanje, theka la mita likhoza kusuntha mzere wa madzi pa mapu ndi mtunda wautali, sukulu n'kukhala mkati kapena kunja. Foni yanu nayo imachotsa N yake mwakachetechete, kapena siichotsa n'komwe, malinga ndi pulogalamu, n'chifukwa chake mafoni awiri pakhonde limodzi amatha kusiyana ndi mamita ambiri.

Ndipo geoid yeniyeniyo siima. GRACE inkapima dziko mwezi ndi mwezi mpaka 2017, ndipo ina yolowa m'malo mwake idaponyedwa mu 2018. Zimaona madzi oundana a ku Greenland akuchepa, ndi madzi a pansi pa nthaka kumpoto kwa India akutha chifukwa cha zitsime zothirira. Zimaonanso dzinja lathu lino. Mvula ikagwa kuyambira Disembala mpaka Marichi, madambo a ku Barotse ndi Kafue akadzaza, nthaka ikamwa ndipo Kariba akakwera, kulemera kwa madzi onsewo kumakweza geoid pamwamba pa chigwa cha Zambezi ndi mamilimita ochepa. Pofika Okutobala imakhala itabwerera pansi.